Njinga ya magetsi yokwerera mapiri: samalani batire ndi tcheni

Njinga imeneyi siyenda yokha ngati yamoto. Mota yake, yomwe kawirikawiri imakhala pakati pomwe pali mapedulo, imangokuwonjezerani mphamvu mukamapalasa, ndipo mukaleka nayo imaleka. Zogulitsidwa ku Ulaya zimakhala ndi mota ya mawati 250 yomwe imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Zambiri zimalemera makilogalamu 20 mpaka 25, choncho musanagule ganizirani pomwe izigona. Kuikweza pa masitepe tsiku ndi tsiku si masewera.

Ndalama zambiri za njingayi zili m'batire, ndipo batireyo imafera kunyumba kuposa kutchire. Magetsi odzazira si vuto: batire ya 625 Wh simaliza ngakhale yuniti imodzi. Chimene chimaipha ndi kutentha. Musaisiye padzuwa, m'galimoto yotseka mawindo, kapena m'kachipinda ka malata kopanda siling'i m'mwezi wa Okutobala. Mukangofika kuchokera kokwera, ipatseni kanthawi izizire musanaitchaje. Ngati mukhala milungu ingapo osaikwera, ichotseni pa njinga, muisunge pouma ndi pozizira bwino ili ndi moto wa pakati pa 30 ndi 60 peresenti. Kuisunga yodzaza thothotho kumaikalambitsa msanga, ndipo yosiyidwa itatheratu nthawi zina sidzukanso.

Tchaja ikhale yake yeniyeni. Ya pamsika ingathe kulowa bwinobwino pa pulagi koma n'kumapereka mphamvu yosayenera, ndipo moto wa batire ya lithium ndi wovuta kuzimitsa. Muzitchaja masana muli pakhomo, batire ili pa simenti, kutali ndi makatani ndi matiresi. Musamatchajire pafupi ndi khomo lotulukira, chifukwa moto ukabuka pamenepo banja lonse latsekeredwa. Magetsi akathima, zulani tchaja pa soketi, mudzaibwezere atabwera n'kukhazikika. Batire yotupa, yong'aluka kapena yotulutsa fungo lachilendo itulutseni panja, musaiyesenso. Abale amene mukufuna kuitanitsa njinga ku Johannesburg kapena ku London, dziwani kuti ndege zonyamula anthu sizilola batire yoposa 160 Wh, ndiye yanuyo iyenera kubwera ngati katundu wapadera.

Chachiwiri ndi tcheni. Mota ya Shimano EP8, mwachitsanzo, imakoka ndi mphamvu ya 85 Nm, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa m'tcheni chomwecho chomwe miyendo yanu ikukoka. N'chifukwa chake chimatha msanga kuposa cha njinga wamba. Posintha giya, pepuzani phazi pa pedulo kwa kamphindi. Mukamva kuti "khwa!" pa chitunda, dziwani kuti mano a magiya akudyeka. Sinthani giya chitunda chisanakule, ndipo muzipalasa mopepuka koma mofulumira, miyendo izizungulira ka 70 kapena ka 80 pa mphindi, pakuti mota imagwira bwino ntchito pamenepo ndipo batire imafika patali.

Mukabwerako, pukutani tcheni ndi kansanza, donthezani mafuta a tcheni pa mfundo iliyonse, zungulizani mapedulo, kenaka pukutaninso mpaka kunja kuume. Mafuta otsalira kunja amamata fumbi n'kusanduka phala lopera zitsulo. Oilo wakuda wochotsedwa m'galimoto, amene ambiri timamudalira pa njinga za kabaza, pano ayi. Gulani kachitsulo koyezera kutamuka kwa tcheni; pa njinga ya magiya 11 kapena 12, chikafika pa 0.5 peresenti chisintheni. Mukachedwa mudzagula tcheni ndi magiya akumbuyo omwe, pamtengo wowawa.

Potsuka, ndowa, siponji ndi burashi yofewa n'zokwanira. Mpope wamphamvu wa kotsukira magalimoto umalowetsa madzi m'mabering'i ndi m'mota. Zimitsani njinga, tsekani potchajira, ndipo mukamaliza umitsani polumikizira batire. Mafuta asakhudze madisiki a mabuleki. Onaninso kamaginito koyezera liwiro, kamene pa njinga zina kamakhala pa sipoko ya tayala lakumbuyo: kakasuntha, mota imayamba kudukizadukiza, ndipo munthu angaganize kuti yafa pomwe vuto ndi kasikuluwu kamodzi.

Pokwera, yambani ndi mphamvu yotsika, ya Eco. Yapamwamba, ya Turbo, ndi yokoma, koma imamwa batire ndipo pa miyala yoterera imapalasitsa tayala lakumbuyo pachabe. Pa chitunda khalani pa chishalo kuti tayalalo ligwire nthaka. Mukakanika, tsikani mugwiritse batani lothandiza kukankha, lomwe limayendetsa njinga pa liwiro losaposa makilomita 6 pa ola. Potsika mtsetse ngati wa ku Zomba, kumbukirani kulemera kwa njingayi: yambani kumanga mabuleki msanga, onse awiri, mochita kugwira ndi kusiya kuti asatenthe. Mapadi ake muziwayang'ana pafupipafupi. Helemeti sitikambirana.

Wogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito apemphe kuti batire iyezedwe pa kompyuta ya wogulitsa mtundu umenewo, aone kuti yadzazidwa kangati komanso yatsala ndi mphamvu yotani. Afunsenso kumene angapeze makaniko wodziwa mota yake. Ngati mwininjinga akukana kuyezetsa, bwezani ndalama zanu m'thumba.