PHUNZIRO LA MANO: ZA MPATA WOTSALA DZINO LITAZUKA

Mwezi uno tifuna kukamba nanu, abale, za cinthu cimene ambiri a ife ticiyesa cacabe. Dzino likatigoneka m'maso usiku wonse, tilawirira ku cipatala, tipempha kuti alizule, ndipo tibwerera kwathu okondwa, ndi kuti, Mlandu watha. Koma mlandu sunathe ai. Pamene panali dzino patsala mpata, ndipo mpatawo uli ndi nchito yace imene uicita pang'onopang'ono, mwini wace wosadziwa.

1. Mano tiri nao angati?

Mwana amera mano 20, ndipo oyamba aoneka ali ndi miyezi ngati 6. Amenewa aguluka okha, nabwera m'malo mwao mano a ukulu, amene akakwanira ali 32. Atatha awa palibenso ena. Makolo azindikire ici: mwana pofika zaka 6 amera dzino lalikuru lotafunira, m'katikati, kuseri kwa mano a ubwana, popanda lina kuguluka. Ambiri aliyesa la ubwana, nalileka libvunde, ndi kuti, Lidzamera lina. Silidzamera, limenelo ndilo dzino la moyo wace wonse.

2. Cimene mpata ucita

Mano aima monga mitengo ya mpanda, uwu kucirikiza unzace. Mukazula mtengo umodzi, ya m'mbali mwace iyamba kupendekera ku mpatawo, momwemonso mano. Dzino la pamwamba limene linali kukomana ndi lozukalo likhala ngati munsi wosowa mtondo, ndipo litsika pang'onopang'ono kufikira lisokoneza kutafuna. M'mipata yatsopano imeneyi mukanirira cakudya, ndipo mano amene anali abwino ayamba kubvunda.

Pfupa la nsagwada nalonso likhala lolimba cifukwa muzu wa dzino ulipatsa nchito. Muzu ukacoka, pfupalo licepa, makamaka caka coyamba. Ndipo mano akacoka ambiri masaya alowa, munthu naoneka nkhalamba nthawi yace isanafike.

Coipa coposa ndico njala ya pakati pa cakudya. Tonse tawaona akuru ena a m'mudzi amene aleka nyama, mtedza ndi cimanga cokazinga, nangokhalira phala ndi nsima ya msuzi. Abale ace ati, Aonda ndi ukalamba. Pamene aonda ndi kusowa cotafunira. Enanso aleka kuseka pa anthu, naphimba pakamwa ndi dzanja polankhula.

3. M'mene anthu akale anayesera

Bvuto ili nlakale. M'dziko la Italy, zaka zoposa 2,500 zapitazo, anthu ochedwa Etruscan anali kumanga mano obwezera ndi timalamba ta golidi. George Washington, polowa utsogoleri wa dziko la America m'caka ca 1789, anali ndi dzino limodzi lokha la iye mwini. Ena anali oikirira, osemedwa mwa zina ndi mano a mvuu, nyama yomweyi tiidziwa pa Shire ndi pa nyanja. Anabvutika nao masiku ace onse, pakuti anali olemera ndi opweteka. Itatha nkhondo ya ku Waterloo m'caka ca 1815, anthu anazula mano a asilikari akufa nawagulitsa kwa opanga mano. Mano oikirira a pulasitiki, opepuka ndi osabvunda, anayamba kufala m'zaka za m'ma 1930.

M'caka ca 1952 dotolo wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kacitsulo ka titanium m'pfupa la mwendo wa kalulu pofuna kuyang'ana mayendedwe a mwazi. Pofuna kukacotsa anapeza kuti pfupa lagwirana nako, kosatheka kuzuka. Nzeru imeneyi anaitengera m'kamwa, ndipo m'caka ca 1965, mu mzinda wa Gothenburg, anabzala mizu ya citsuloci m'nsagwada ya munthu woyamba, amene anatafunira mano amenewo zaka zoposa 40.

4. Njira zitatu za kutseka mpata

Yoyamba ndiyo mano oikirira, obvala ndi kubvula. Dotolo ayamba adikira kuti bala lipole, natenga cikombole ca m'kamwa ndi phala lina lofewa, ndipo pa cikombole cimeneco aumba mano olingana ndi mwini wace. Akhoza kukhala dzino limodzi, kapena angapo, kapena kamwa lonse. Njira iyi ndiyo yocepa mtengo.

Yaciwiri aicha mlatho. Dotolo apala mano awiri a m'mbali mwa mpata, nawabveka tizisoti, ndipo dzino lopanga likhala pakati, logwirana nato. Silibvulidwa, koma mano awiri abwino ataya khungu lao lolimba, limene silimeranso.

Yacitatu ndiyo muzu wa titanium uja. Auika m'pfupa, nadikira miyezi ingapo kuti ugwire, ndi pamenepo amangapo dzino. Suononga mano a m'mbali, koma mtengo wace ngwaukuru ndithu, ndipo ufuna pfupa lokwanira ndi nkhama zabwino. Kwa wosuta fodya, ndi kwa wodwala nthenda ya shuga yosasamalidwa, sugwira bwino kawirikawiri.

Si mpata uli wonse ufunika kutsekedwa. Dzino lotsiriza la kumapeto kwa nsagwada likazuka salibwezera. Ndipo munthu wokhala ndi mano 20 okomana bwino akhoza kutafuna kokwanira. Woweruza zimenezi akhale dotolo, atayang'ana m'kamwa. Ku zipatala za maboma kuli anchito ophunzira za mano amene angatiuze kopita.  M'caka ca 2019 sukulu ya madotolo ya ku Blantyre, imene tsopano iri gawo la Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madotolo a mano m'dziko lomwe lino, mothandizana ndi University of Glasgow. Tisacite manyazi kukafunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

5. Kasungidwe ka mano oikirira

Masabata oyamba mano awa alemera m'kamwa, malobvu acuruka, ndi mau ena abvuta kuchula. Musataye mtima. Yambani ndi zakudya zofewa, ndi kutafunira mbali zonse ziwiri. Usiku muwabvule, kuti nkhama zipumule, ndi kuwaika m'madzi oyera ozizira. Madzi otentha awapotoza. Muwatsuke tsiku ndi tsiku ndi mswaci ndi sopo, pamwamba pa mbale ya madzi, kuti akapulumuka m'manja asasweke. Akapweteka musawapale nokha ndi mpeni kapena tupa. Abwezeni kwa amene anawapanga. Popeza pfupa licepabe, patapita zaka adzayamba kugwedera, ndipo adzafunika kukonzedwa. Cironda ca m'kamwa cosapola masabata atatu mukacionetse ku cipatala msanga.

6. Kasungidwe ka mano otsala

Dzino lopanga, lingakhale la mtengo wotani, silifikapo pa dzino lobadwa nalo. Cifukwa cace nchito yaikuru ndiyo kusunga amene tiri nao.

Ena ati m'dzino lowawa muli nyongolotsi. Mulibe. Muli tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tikhala m'litsiro loyera lomata m'mphepete mwa nkhama. Tikalandira shuga titulutsa asidi, ndipo asidiyo asungunula dzino. Litsiro lomwelo likakhalitsa liuma ngati mwala, nkhama zitupa ndi kucuca mwazi, ndipo dzino losabvunda konse ligwedera ndi kuguluka.

Tsono titsuke mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Titatsuka tilabvule, koma tisacukuce ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Posowa mswaci wa ku sitolo, wa kamtengo uthandiza ndithu, ukafika dzino liri lonse, kunja ndi m'kati. Nkhama zikacuca mwazi tisaleke kutsuka, pakuti litsiro ndilo lautulutsa. Shuga aononga ndi kubwerezabwereza: maswiti, tiyi wotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo zikhale za pa nthawi ya kudya, zisakhale za tsiku lonse. Ana tiwazoloweze akali ang'ono, pakuti m'mera mpoyamba.

Tisatsegule mabotolo ndi mano. Tisathire madzi a m'batire m'dzino lowawa, kapena kugoneka m'bulu wa aspirin pa nkhama. Zimenezi zitentha mnofu, nthenda niikhalabe. Kabowo kakang'ono akhoza kukamata, dzino nilipulumuka, tikafika msanga. Ndipo kutupa kukafika ku diso kapena ku khosi, tisagone nako, pakuti kwapha anthu.

Dzino la ukulu likazuka lathunthu pa ngozi, muligwire kumutu, osakhudza muzu. Mulitsukuluze ndi mkaka ndi kulibwezera m'malo mwace, kapena kuliika m'kapu ya mkaka, ndi kufika nalo kwa dotolo lisanathe ora limodzi. La ubwana salibwezera.

Mafunso a kukambirana

1. Dzino la ukulu loyamba lotafunira limera mwana ali ndi zaka zingati?
2. Chulani zinthu zitatu zimene mpata ucita m'kamwa.
3. Mano oikirira agona kuti usiku, ndipo cifukwa ninji?
4. M'mudzi mwanu muli wamkuru amene waleka zakudya zina posowa mano kodi? Adzamperekeza ku cipatala ndani?