Kuchoka pa Windows 10 Kupita pa Windows 11: Zimayenda Bwanji?

Mukayatsa kompyuta, simuyamba kulemba nthawi yomweyo. Sikirini imawala, timadontho timazungulira, kenako tizithunzi timaonekera. Pa kanthawi kameneko n'kuti pulogalamu yaikulu ikudzuka. Pulogalamuyi ili ngati kapitawo pa ntchito yomanga nyumba, amene amauza aliyense poima ndi chochita. Mukadina chilembo pa kiyibodi, ndi iyo imene imachitumiza pa sikirini. Mukafuna kusindikiza kalata, ndi iyonso imalankhula ndi pulinta. Popanda iyo, Word kapena Excel sangagwire ntchito.

Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'mashopu osindikiza mapepala amayendera pulogalamu yotchedwa Windows, ya kampani ya Microsoft ya ku America. Windows 10 inatuluka mu Julayi 2015. Windows 11 inabwera pa 5 Okutobala 2021.

Mwina mufunsa kuti, “Nanga kompyuta yanga ikuyenda bwinobwino, ndiivutitsirenji?” Funsoli n'lomveka. Pulogalamu yaikulu chotere siilephera kukhala ndi zolakwika, ndipo akuba a pa intaneti amasakasaka zolakwikazo kuti alowerepo. Ndiye mwezi uliwonse Microsoft imatumiza timapulogalamu tokonza zimene zapezeka. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inasiya kutumiza zokonza za nthawi zonse za Windows 10. Inapereka mwayi woti munthu alembetse n'kuonjezera nthawi, koma kumeneko n'kungopumira. Kompyuta yanu iziyakabe, kalata muzilembabe. Chosintha n'chakuti vuto latsopano likapezeka, palibe adzalikonze.

Kusakonza kunavulazapo anthu. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, n'kumalamula kuti eniake alipire ndalama. Zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala chifukwa makompyuta anaima. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chokonzera vutolo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanachiike.

Si kompyuta iliyonse imene ingalandire Windows 11. Imafunika RAM yosachepera 4 GB ndi malo osungira zinthu osachepera 64 GB. RAM ndi pamene kompyuta imaika zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Ikachepa, kompyuta imayenda mwaulesi. Pamafunikanso mbali yachitetezo yotchedwa TPM 2.0, imene imasunga makiyi achinsinsi. Purosesa, chipangizo chimene chimawerengetsera zonse, iyenera kukhala yatsopanoko. Ikakhala ya Intel, kawirikawiri iyambire m'badwo wa 8, umene unayamba kugulitsidwa mu 2017. Apa m'pamene malaputopu ambiri a kaunjika amagwera. Musavutike kuloweza manambalawa. Pali kapulogalamu kaulere ka Microsoft kotchedwa PC Health Check. Mukakatsegula, kamayeza kompyuta n'kukuuzani ngati ikukwanira, ndi chimene chikusowa.

Ikakwanira, ndipo Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, kusinthaku simulipira. Chodula ndi bandulo, chifukwa Windows yatsopano imadya magigabaiti angapo. Ngati mungapeze Wi-Fi yodalirika, pitani kumeneko.

Musanadine chilichonse, koperani zinthu zanu. Zithunzi za ukwati, makalata a malo, kaundula wa banki m'khonde, zonse ziikeni pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera. Mukatero tsegulani fayilo imodzi kapena awiri pa fulashipo, muone ngati alowadi. Nthawi zambiri kusintha Windows sikufufuta kanthu, koma tsiku limene zinthu zasokonekera, kulira sikubweza fayilo. Lembaninso mapasiwedi anu penapake pobisika.

Tsopano lowani mu Settings, musankhe Update & Security, kenako Windows Update. Kompyuta ikakhala yoyenera, mudzaona uthenga wokuitanani ku Windows 11.

Zimene zimachitika m'kati ndi izi. Poyamba kompyuta imakoka mafayilo atsopano pa intaneti, inu n'kumapitiriza ntchito yanu. Ikamaliza imapempha kuti izime n'kuyakanso. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Windows yakale singadzichotse yokha ikugwira ntchito, choncho kompyuta imadzukira mu kapulogalamu kena kakang'ono. Kameneka kamasamutsa Windows yakale n'kuiika mu foda yotchedwa Windows.old, n'kuika yatsopano pamalo pake. Kenako kamabweretsa mafayilo anu, mapulogalamu anu ndi zimene munasankha kale, monga chilankhulo ndi nthawi. Pomaliza Windows yatsopano imafufuza zipangizo chimodzichimodzi, monga sipika, kamera ndi pulinta, n'kuchipezera chilichonse kapulogalamu kake kolankhulirana, kamene amisiri amati draiva.

Pa nthawi yonseyi kompyuta imazima n'kuyaka kangapo. Nambala ya pa sikirini imatha kuima pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Musadine batani lozimitsira! Zimatha kutenga ola kapena kuposerapo, makamaka pa kompyuta yokalamba. Magetsi akathima ili pakati, Windows imayesa kubwerera pamene inali, koma si nthawi zonse zimatheka. N'chifukwa chake laputopu ikhale yodzaza batire komanso ili pa chaja. Ya pa desiki, ngati ilibe batire lapadera la UPS, sankhani nthawi imene magetsi sakonda kuthima kwanuko.

Ikayaka, musadabwe kupeza batani la Start lili pakati, osati kumanzere kumene munazolowera. Mungalibwezere kumanzere mu Settings. Chofunika kwambiri n'kuyesa zida zanu tsiku lomwelo. Sindikizani pepala, imbani nyimbo, tsegulani pulogalamu imene mumadyera. China chikakana, muli ndi masiku 10 obwerera ku Windows 10 kudzera mu Settings, pa System kenako Recovery. Masikuwo akatha, foda ya Windows.old imafufutika yokha ndipo njira yobwererayo imatsekeka.

Ambirife ntchitoyi timaipereka kwa amisiri a m'tauni, ndipo palibe cholakwika. Koma funsani momveka: “Achimwene, mukweza Windows yomweyi kapena mufomata?” Kufomata n'kufufuta zonse n'kuyambiranso, ndipo mafayilo anu sabwerera ngati simunawakopere. Amisiri ena amakakamiza Windows 11 kulowa mu kompyuta yosakwanira. Zimatheka ndithu, koma Microsoft imanena poyera kuti kompyuta yotero siilonjezedwa zokonza.

Kompyuta imene yakanidwa musaitaye. Pali mapulogalamu ena aakulu aulere a banja la Linux, monga Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mapulogalamuwa amayenda pa makompyuta ambiri akale, ndipo a LibreOffice amatsegula makalata a Word ndi Excel, ngakhale kuti maonekedwe a kalata nthawi zina amasuntha pang'ono. Mmisiri akhoza kukuyatsirani Ubuntu kuchokera pa fulashi kuti muiyese kaye osafufuta Windows.

Zokambirana m'kalasi: Kodi foda ya Windows.old imagwira ntchito yanji? Pa zinthu zimene zili mu kompyuta ya kwanu kapena ya gulu lanu, n'ziti zimene mungayambe kukopera pa fulashi?