Timu Yopambana Masewero Onse

Funso: Akuluakulu, kodi mu mpira wa ku America, uja wogundana ngati nkhosa zamphongo, idakhalapo timu yopambana masewero onse a chaka?

Yankho: Inde bambo, mu ligi ya NFL ilipo imodzi yokha, ndiyo Miami Dolphins ya mphunzitsi Don Shula, imene mu 1972, woponya mpira wake Bob Griese atathyoka mwendo pa masewero achisanu, idatsamira pa Earl Morrall wa zaka 38, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo idapambana masewero onse 17, nitsiriza ndi kugonjetsa Washington 14-7 pa masewero olimbirana chikho otchedwa Super Bowl, Griese atachira. New England Patriots idayesa mu 2007, koma idapunthwa pakhomo penipeni, New York Giants itaigonjetsa 17-14 pa Super Bowl.