Malangizo: Mbewu ya Nsomba ya pa Foni

 Lero tikambe za mbewu ya nsomba.

 Kuno ku Ntengo-Wambalame, Tsangano mpaka ku Furancungo, alimi a maiwe ayamba kuitanitsa tiana ta chambo pa WhatsApp, kutumiza ndalama pa M-Pesa asanaone ndi mchira womwe.

Abambo, amayi, chithunzi sichisambira. Pitani kwa woweta mukaone nokha. Kansomba ka maso aakulu koma thupi lonyentchera n'kokalamba, kanapinimbira kalekale. Ngakhale mutakathirira madeya chaka chathunthu, mwina sikangakule bwino. Ka timadontho toyera pakhungu, kapena kongoyandama pamwamba kakupuma movutikira, kasiyeni komweko. Wa pa foni sangakuuzeni zimenezo.

Mukagula mbewu, inyamuleni m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Mukafika, yandamitsani thumba la mbewuyo pa dziwe kwa mphindi 20 musanalimasule. Ndipo kumapiri kwathu kuno musaike mbewu mu Juni kapena Julayi: madzi akazizira chambo chimaleka kudya. Dikirani Seputembala.