Manja a Woimbira Mpira

Ana a sukulu a ku Tembwe, m'cigwa ca Luangwa, adziwa bwino mpira wa miyendo ndi wa netball. Ulipo mpira winanso wochedwa basketball, umene anthu asewera m'mizinda monga Lusaka ndi Kitwe, ndi m'maiko ambiri a dziko lapansi. Anauyamba ndi mphunzitsi wa ku Canada, dzina lace James Naismith, m'caka ca 1891, pa sukulu ina ya ku Springfield m'dziko la America. Iyeyo anapacika madengu awiri a zipatso pamwamba, nauza ophunzira ace kuti aziponyamo mpira. Netball inabadwa m'masewera omwewa, cifukwa cace awiriwa afanana monga mwana ndi amace.

Masiku ano m'malo mwa dengu apacika mkombero wacitsulo wokhala ndi ukonde, mamita 3.05 kucokera pansi. Gulu liri lonse likhala ndi osewera asanu m'bwalo. Mpira ukalowa mu mkombero, gulu lipata mapointi awiri. Koma ngati woponyayo anaima kunja kwa mzere wokhota umene uli mamita 6.75 kucokera pa mkombero, lipata mapointi atatu.

Colakwira woponya

Pamene anthu khumi alikuthamanga m'bwalo laling'ono, sangalephere kukhudzana. Kukhudzana kwina kulibe kanthu. Koma munthu akakankha mnzace, akamgwira, akammenya pa mkono, kapena akamchingira njira mosayenera, wacita colakwa cimene osewera acichula faulo. Oweruza milandu yotere ndiwo oimbira mpira, amene akhala awiri kapena atatu pa masewera amodzi.

Woimbira akaona colakwa, ayenera kudzifunsa msanga kuti, “Kodi wolakwiridwayo analikuponya mpira ku mkombero, kapena iai?” Funsoli ndi lalikuru, pakuti dipo lace lisiyana. Ngati sanali kuponya, kawirikawiri gulu lace lingopatsidwa mpira kuti liuponye m'bwalo kucokera kunja. Koma ngati analikuponya, apatsidwa mwai woima pa mzere wa patsogolo pa mkombero ndi kuponya popanda womchinga. Mpira uli wonse wolowa pamenepo ndi pointi imodzi.

Dipoli aliyesa molingana ndi cimene munthuyo wataya. Akalakwiridwa alikuponya mpira wa mapointi awiri, mpirawo nuphonya, aponya kawiri. Ukakhala wa mapointi atatu, aponya katatu. Koma mpira ukalowa ngakhale anamlakwira, mapointiwo awerengedwa, ndipo amuonjezera mwai umodzi. Potero wocinga sapindula kanthu ndi kulakwa kwace.

Maweruzidwe ace

Malamulo a bungwe la FIBA, limene linakhazikitsidwa ku Geneva m'caka ca 1932 ndipo liyang'anira masewerawa pa dziko lonse, anena kuti kuponya kuyamba pamene wosewera ayamba kukweza mpira kulinga ku mkombero. Kutha pamene mpira wacoka m'manja mwace. Koma ngati analumpha, sikutha kufikira mapazi ace onse awiri ataponda pansi. Tsono womkankha ali m'mwamba, ngakhale mpira wapita kale, walakwira woponya ndithu.

Si nthawi zonse kuti wolakwa ndiye wochinga. Wosewera ali yense ali ndi malo ace, monga ngati waima m'kati mwa kankhokwe kosaoneka, kocokera pansi kulinga kumwamba. M'menemo ali ndi ufulu wa kulumpha ndi kukweza manja ace ciriri. Woponya akadzigwetsera yekha pa mnzace amene anaima bwino pamalo pace, mlandu ukhala wa woponyayo, ndipo mpira upita kwa anzace aja.

Cifukwa ca ici woimbira wanzeru sayang'ana mpira wokha. Asuntha uku ndi uku kuti aone mpata wa pakati pa osewera awiriwo, ndipo sathamangira kuimba asanaone ciyambi ndi mathero a nkhani. Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Manja olankhula

Kuweruza bwino sikukwanira ngati anthu sadziwa cimene caweruzidwa. M'bwalo mukhala phokoso lalikuru, ndipo osewera ena salankhulana cinenero cimodzi. Kotero woimbira alankhula ndi manja, ndipo zizindikiro zace ziri zimodzimodzi m'maiko onse otsata malamulo a FIBA. Msenga, Mbemba ndi Mfalansa angathe kuzimva onse pamodzi.

Poyamba aliza wezulo, nakweza dzanja limodzi atafumbata nkhonya. Ici citanthauza kuti pacitika colakwa, ndipo wosunga nthawi aimitse koloko. Ngati wolakwiridwayo analikuponya, woimbira aonetsa ndi zala kuti aponye kangati. Ngati sanali kuponya, aloza pansi. Pamenepo apita pamalo pamene alembi a pa tebulo angamuone bwino, naima nji, nawafotokozera zonse mwa dongosolo.

Ngati mpira unalowa, ayamba wanena za mapointi. Kuti awerengedwe, akweza zala ziwiri ndi kuzigwetsa kamodzi, kapena zala zitatu pa manja onse awiri. Kuti afafanizidwe, apingasa mikono patsogolo pa cifuwa monga sizasi. Atatero aonetsa ndi zala nambala ya pa malaya a wolakwayo. Kenaka aonetsa mtundu wa colakwa: manja onse m'ciuno ndiko kuchinga njira; kugwira mfundo ya dzanja lace ndiko kugwira mnzace; kutambasula manja ngati wokankha ndiko kukankha; kumenya nkhonya pa cikhato ndiko kuti wa mpira wagunda mnzace. Potsiriza akweza cala cimodzi, ziwiri kapena zitatu, ndiko kucuruka kwa mwai woponya.

Wina wa pa tebulo naye ayankha pokweza kathabwa kolembedwa nambala, kuti onse aone zolakwa zimene munthuyo wacita. Akafika zisanu, aturuka m'bwalo osabweranso pa masewera amenewo.

Masekondi atatu a ku Munich

Zimene zinacitika ku Munich, m'dziko la Germany, pa masewera a Olympic a m'caka ca 1972, zisonyeza kuopsya kwa kusamvana. Pa masewera otsiriza anakumana a ku America ndi a ku Soviet Union, ndipo oimbira anali ocokera ku Brazil ndi ku Bulgaria. Kuyambira m'caka ca 1936 a ku America anali asanagonjepo pa basketball ya Olympic.

Kutatsala masekondi atatu okha, a Soviet Union anali patsogolo ndi mapointi 49 kwa 48. Mnyamata wa ku America, Doug Collins, anathamanga ndi mpira kuti akaponye, koma anamgwetsa pansi pa mkombero. Anapatsidwa mwai woponya kawiri, nalowetsa yonse iwiri, ndipo gulu lace linatsogola ndi 50 kwa 49. Pa ciweruzo cimeneci panalibe mkangano. Msokonezo unabuka pakati pa oimbira ndi a pa tebulo. Lipenga la pa tebulo linalira Collins alikuponya kaciwiri, ndipo a Soviet Union anati iwo anapempha nthawi yopumira koma sanaipatsidwe. Mlembi wamkuru wa FIBA, William Jones, analowererapo nalamula kuti koloko ibwezedwe pa masekondi atatu. Mpira unaponyedwa m'bwalo katatu konse, ndipo ulendo wacitatu Alexander Belov anaulowetsa. A Soviet Union anapambana ndi 51 kwa 50. A ku America, poona ngati aweruzidwa mokhota, anakana kulandira mendulo zao zasiliva, ndipo sanazilandire kufikira lero.

Pa bwalo la Mfumu Tembwe mlandu sauweruzira m'nyumba mobisa. Aunena poyera, wolakwa namva kulakwa kwace, wolakwiridwa namva dipo lace, anthu nabalalika mitima iri pansi. Nchito ya woimbira iri yomweyo, kungoti iye alibe tsiku lonse la kufunsa mboni, koma kamphindi kocepa. Mnyamata kapena mtsikana amene apatsidwa wezulo pa sukulu ayenera kuona bwino, kuweruza mosakondera ngakhale wolakwa ali mbale wace, ndi kuonetsa ciweruzo cace momveka, kuti ogonja apite kwao alikudziwa kuti agonja mwa cilungamo.

MAFUNSO

1. Kodi anayamba basketball ndani, ndipo m'caka citi?
2. Kodi kuponya kuyamba liti, ndipo kutha liti?
3. Wosewera walakwiridwa alikuponya mpira wa mapointi atatu, ndipo mpirawo walowa. Kodi gulu lace lingapate mapointi angati onse pamodzi?
4. Fotokozani za kankhokwe kosaoneka.
5. Nanga cinasokoneza masewera a ku Munich nciani?

ZOCITA

Khalani awiriawiri. Wina aonetse zizindikiro za woimbira popanda kulankhula, mnzace anene tanthauzo lace.