Phunziro la Mitengo: Thundu wa ku Ulaya

Owerenga ambiri analimva dzina la mtengo wa thundu m'Malembo Oyera, koma ndi owerengeka amene anauona ndi maso. Mitengo ya thundu ili ya mitundu mazanamazana. Phunziro lino likunena za mtundu umodzi wofala kwambiri ku Ulaya, umene katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anautcha Quercus robur m'chaka cha 1753. Liwu lakuti robur m'Chilatini litanthauza mphamvu ndi kulimba.

Maonekedwe ake

Mtengowu utalika mamita 20 kufikira 40, ndipo ukamera poyera utambasula nthambi zake kutali. Khungwa lake ndi lotuwa, la ming'alu yozama. Masamba ake ali ndi m'mphepete mokhotakhota, ndipo amamatira pafupi ndi nthambi, pakuti kapesi kake n'kakafupi kwambiri. Nyengo yachisanu ikayandikira masambawo asanduka ofiirira nayoyoka, mtengo nukhala ngati wouma kufikira m'Epulo kapena m'Meyi, pamene uphukanso.

Maluwa aamuna ndi aakazi akhala pa mtengo umodzi, ndipo mphepo ndiyo inyamula mungu. Chipatso chake chifanana ndi mtedza umodzi wautali, wokhazikika m'kachikho, ndipo chilendewera pa phesi lalitali. Chikhwima m'Seputembala ndi m'Okutobala. Koma mtengowu suchita changu: kawirikawiri uyamba kubala utatha zaka ngati 40.

Kumene umera

Kwao kwa mtengowu ndi pafupifupi Ulaya yense, kuyambira ku Ireland kufikira ku mapiri a Caucasus. Ukonda nthaka yakuya ndi yachonde, ngakhale yadongo, ndipo upirira madzi osefukira kwa kanthawi. Koma mbande zake zifuna dzuwa, ndipo mu mthunzi wandiweyani zifota. Mbalame yotchedwa jay ndi agologolo akwirira mbewu zake pansi kusungira chisanu. Zimene aiwala ndizo zimera. Chotero nkhalango ifalikira ndi thandizo la zolengedwa zimene izidyetsa.

Azungu a ku Holland anaubzala mtengowu ku South Africa, makamaka ku Stellenbosch, mzinda umene unayamba m'chaka cha 1679. Kumeneko ukula msanga chifukwa cha kutentha, koma matabwa ake salimba monga a kwao. Chiyambire chaka cha 2017, pamene kafumbwe wina woboola mitengo anapezeka m'dzikomo, mitengo yambiri ya thundu ya m'mizinda yafa.

Ntchito zake

Matabwa a thundu ndi olemera, ndipo saola msanga ngakhale akhale m'madzi. Sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Victory, imene inalowa m'nyanja m'chaka cha 1765, inadya mitengo ngati 6,000, yambiri mwa iyo ya thundu. Amisiri apangira matabwawa zitseko, mipando, mitanda ya madenga ndi migolo yosungiramo vinyo.

Khungwa lake lili ndi mankhwala owawa otchedwa tanini, ofufutira zikopa. Timavu tina tiikira mazira pa nthambi za mitengo ya thundu, ndipo pamenepo patuluka zotupa zobulungira. Alembi akale anasinja zotupazo, nazisakaniza ndi mchere wa chitsulo, napanga inki imene analembera mabuku ambiri a pamanja. Zipatso zake zinenepetsa nkhumba, koma ng'ombe ndi akavalo zikadya zambiri zidwala, mwinanso kufa kumene.

Ku Allouville-Bellefosse m'dziko la France uliko mtengo wakalekale wa mtundu uno, umene m'phanga la thunthu lake anthu anakonzamo kachalichi m'chaka cha 1696.

Phunziro lake

Pa 15 Epulo 2019 moto unapsereza denga la tchalitchi lalikulu la Notre-Dame ku Paris, limene mitanda yake ya thundu inakhalapo zaka ngati 800. Pomanganso anadula mitengo ya thundu yoposa 1,000 m'nkhalango za France, ndipo tchalitchilo linatsegulidwanso m'Disembala 2024. Yambiri mwa mitengoyo inali ya zaka zoposa 100. Ndalama zinasonkhedwa m'masiku owerengeka, koma ndalama sizikadatha kukulitsa mtengo ndi umodzi womwe. Denga linabwerera chifukwa anthu a mibadwo yapitayo analera nkhalango zimene iwo eni sanayembekeze kukolola.

Apa ndipo pagona nkhani kwa aliyense wosunga mitengo yochedwa kukula, kaya thundu, kaya mlombwa, kaya mbawa. Nkhwangwa igwetsa m'tsiku limodzi chimene chinakula zaka 100. Wodula mtengo wotere osabzala wina walanda adzukulu ake denga. Koma wobzala ndi kuteteza mbande ku moto ndi ku mbuzi wawasiyira chuma chimene sichipezeka pa msika tsiku la tsoka.