Phunziro 9: Chinthu Chikalasa Kumaso

Anthu ambiri amakwera phiri la Zomba kukatola nkhuni kapena kukacheka matabwa. Pa ntchito zotere ngozi sizisowa. Kamtengo kosongoka kangathe kulasa munthu patsaya. Kachitsulo kothethuka ku nkhwangwa kangathe kulowa pafupi ndi diso.

Zikatere, inu musazule chinthucho ayi! Mwina chatseka mtsempha wa magazi. Mukachizula, magazi adzatuluka ambiri. Ikani nsalu yoyera mbali zonse za chinthucho kuti chisagwedezeke. Wovulalayo musampatse chakudya kapena madzi, chifukwa mwina adzafunika opaleshoni. Thamangirani naye ku chipatala chachikulu cha Zomba.

Kunja bala lingaoneke laling'ono, koma m'kati muli diso, mitsempha ndi ubongo. Ndiye chifukwa chake adokotala amayamba ajambula asanachotse kanthu.

Makina ojambulira amatchedwa X-ray. Kuwala kwake kunatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'chaka cha 1895. Kumapyola mnofu, koma fupa ndi chitsulo zimaoneka zoyera pa chithunzi. Kawirikawiri amajambula kawiri, kutsogolo ndi m'mbali, kuti adziwe kuya kwa chinthucho. Kujambula sikupweteka. Ingovulani ndolo ndi mikanda, n'kukhala phee. Amayi oyembekezera anene msanga.

Koma taonani, mtengo ndi minga nthawi zambiri sizioneka pa X-ray. Tsono auzeni adokotala chimene chinalasa munthuyo: mtengo, chitsulo kapena galasi. Musabise, ngakhale zinachitika pa ndewu. Pena iwo adzafuna chithunzi cha CT scan, chimene chimaonetsa m'kati mwa mutu gawo ndi gawo. Akakutumizani ku Gulupu, ku Blantyre, musakane.

Aliponso makina ena otchedwa MRI. Awa ali ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo angathe kusuntha kachitsulo kotsalira m'diso. Ngati munalasidwapo ndi chitsulo, nenani asanakulowetsemo.

Musaiwale kufunsa za jekeseni woteteza kafumbata.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani simuyenera kuzula chinthu chimene chalasa kumaso?
2. Kodi n'zinthu ziti zimene sizioneka bwino pa X-ray?
3. Lembani m'kope mwanu mawu awa: bala, fupa, chithunzi.
4. Kambiranani ndi anzanu: munthu atavulala m'mudzi mwanu usiku, mungamutengere pa chiyani ku chipatala?